Mwana wa Mchona Ngwa Yani?

Kuyambira kale amuna a ku Chipata, Katete ndi Petauke anali kupita kumwera kukafuna nchito. Ena anatengedwa ndi Wenela kunka ku migodi ya ku Joni. Ena anaoloka Zambezi, nakalembedwa ku mapulazi a fodya, ku mgodi wa malasha wa ku Wankie, kapena m'nyumba za Azungu ku Salisbury, mzinda umene tsopano uchedwa Harare. Ambiri anabwerako ndi njinga ndi mabulangete. Koma ena sanabwere, ndipo kumudzi anawacha machona. Za machona anthu alankhula zambiri, koma za ana ao salankhula kawirikawiri.

Munthu wina wa kwa Kawaza anafika ku Salisbury m'masiku a Citaganya, cimene cinayamba m'caka ca 1953 ndi kutha mu 1963. Anagwira nchito ya ukuki, nakwatira mkazi wa Cishona, napereka malowolo monga mwa mwambo wa kumeneko. Mwana wao wamwamuna anakulira ku Highfield. Anayamwa Cishona pamodzi ndi bere la amace, naphunzira Cingelezi kusukulu. Koma Cinyanja anali kucimva pa Sabata pokha, pamene atate wace anali kuceza ndi anzao a kumudzi. Nsima anaidziwa ndi dzina lakuti sadza. Atate wace akamfunsa kanthu m'Cinyanja, iye anali kuyankha m'Cishona, ndipo iwo anangoseka, nati, "Adzadziwa akakula."

Bvuto lalikulu silinali la cinenero cokha ai, koma la mwambo. Kwa Ashona mwana atsata atate wace. Atenga pfuko lao, limene iwo alicha mutupo, ndipo malowolo akaperekedwa abale a mkazi alibenso mphamvu pa mwanayo. Kwa Acewa si tero. Mwana ali wa mbumba ya amace; womuyang'anira pa mlandu ndi pa ukwati ndiye malume wace, ndipo munda aupeza kwao kwa amace. Motero mkazi wa Cicewa akakwatiwa ndi Mshona, mbali zonse ziwiri zimlimbirana mwanayo; koma mwamuna wa Cicewa akakwatira Mshona, mbali iri yonse imkankhira kwa inzace.

Atamwalira atate wace, mnyamata uja anakwera basi kukafuna mudzi umene anangoumva dzina. Alongo a atate wace anamlandira ndi misozi, namphera nkhuku. Koma pamene anachula za malo omangapo nyumba, akulu anati, "Mwanawe, ndiwe mwazi wathu ndithu, koma kwanu ndi kwa amai ako." Atabwerera, abale a amace anati, "Kwanu ndi kwa atate ako." Panalibe womuda, onse ananena zoona monga mwa mwambo wao. Koma iye anatsala pakati ngati mleme, umene mbalame ziukana ndi mbewa zomwe.

Boma nalonso linafunsa funso lomweli. M'caka ca 2001 dziko la Zimbabwe linaika lamulo lakuti munthu amene angathe kuyesedwa mbadwa ya dziko lina alikane dzikolo polemba. Ana ambiri a machona, amene sanaonepo Zambia kapena Malawi, anawerengedwa alendo m'dziko lobadwira, nalephera kuponya voti pa cisankho ca 2002. Malamulo akulu a dzikolo a 2013 anakonza mlanduwu. Anabvomereza kuti otere, obadwira momwemo ndi okhala momwemo, ali mbadwa. Ndiponso anaika Cicewa pakati pa zinenero 16 za boma. Koma zaka 12 za kusowa kwao sizinabwezedwe.

Tsono mnyamata wotsiriza sukulu, amene maso ace ali ku maiko akutali, ayenera kudziwa kuti kukwatira mtundu wina si colakwa. Mwana wa mitundu iwiri angathe kukhala wolemera koposa anzace, pakuti ali ndi zinenero ziwiri ndi midzi iwiri. Koma cuma cotere sicidza cokha. Atate alankhule naye cinenero cao tsiku ndi tsiku, mwana akali kukwawa, pakuti kuongola mtengo mpoyamba. Apite naye kumudzi akali wamng'ono, kuti abale amzolowere, ndi kuti nkhani ya malo ikambidwe pamaso pa nyakwawa atate ali moyo. Alembetse kubadwa kwace ku boma, nasunge cikalata bwino. Ndipo asanyoze mwambo wa mkazi wao, cifukwa mwana womva makolo ace akunyozana mitundu acita manyazi ndi mbali zonse ziwiri.

Kumudzi mwambo ulera mwana ngakhale makolo ali cigonere. Kucilendo mwambo sudziwa mwana amene sanaonetsedwe kwa iwo ousunga. Ndipo nchito ya kumuonetsa iri ya atate ndi amai okha.