Dzino Loperepeseka Silimeranso

Ife a ku Manjawira, m'boma la Ntcheu, tinakula tikudziŵa kuti dzino likamera lokhota limakhala lokhota mpaka ukalamba. Lero zinthu zasintha. Ena mwa ana athu amene amaphunzira ku Blantyre ndi ku Lilongwe amabwera ku tchuthi ali ndi mawaya m'kamwa, amene dokotala amamangirira pa mano kuti awongoke pang'onopang'ono, kaŵirikaŵiri kwa zaka ngati ziŵiri. Timakondwera poona mano a ana athu akundanda bwino, komabe tili ndi nkhaŵa imene tifuna kukambirana nanu, makolo anzathu ndi inu achinyamata.

Waya amawongola dzino, koma sangabwezeretse chimene chatha pa dzinolo. Kunja kwa dzino kuli chikuto choyera chimene madokotala amachitcha enamel. Chikutochi n'cholimba koposa fupa, koma chikaperepeseka sichimeranso. Mano 20 a ubwana amaguluka nabwera ena. Mano 32 a ukulu alibe oloŵa m'malo.

Chimaperepesa mano nchiyani? Choyamba ndi zowawasa: mandimu, bwemba, malambe ndi zakumwa za m'mabotolo. Zimenezi zimafeŵetsa chikutocho, ndipo mano amayayamira. Chachiŵiri ndi kukukuta mano m'tulo. Chachitatu ndi zizoloŵezi zathu: kutsekula botolo ndi mano, kusenda nzimbe ndi mano, ndi kutsuka m'kamwa ndi makala kapena phulusa. Mwana wa mawaya ali pa chiopsezo chachikulu, pakuti zotsalira za chakudya zimabisala m'mbali mwa tizitsulo, ndipo tsiku lochotsa mawayawo pamaoneka timaŵanga toyera pamene dzino layamba kudyeka. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Madokotala a mano ndi ochepa m'Malaŵi. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba m'chaka cha 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Chotero mlonda woyamba wa dzino ali pakhomo pathu pompano.

Mwana azitsuka mano kaŵiri pa tsiku ndi mswachi wofeŵa ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Akadya zowawasa achukuche m'kamwa ndi madzi, ndipo adikire theka la ora asanagwire mswachi. Nzimbe tizimsendera ndi mpeni. Mawaya akachotsedwa, asanyozere kuvala kachipangizo kosunga mano m'malo mwake kamene dokotala amapereka, pakuti mano amakonda kubwerera kumene anachokera. Mukamva mwana akukukuta mano usiku, kauzeni dokotala msanga.

Inu achinyamata, makolo anu anagulitsa chimanga ndi mbuzi kuti mano anu awongoke. Asungeni manowo, kuti mudzakukute nawo chimanga chootcha muli ndi imvi.