Dzuŵa la kwa Chimaliro

Mlendo wofika m'dera la mfumu yaikulu Chimaliro, chakum'maŵa kwa boma la Thyolo, amayamba waona phiri la Mulanje litaima chotulukira dzuŵa ngati linga. Akatsitsa maso amaona midzi yothithikana, minda ya chimanga ndi nandolo, nthochi m'zigwa, ndi amayi osenza mitanga kunka ku msika wa pa Goliati. Kuno ndiko kwao kwa malemu Bingu wa Mutharika, amene adaikidwa pa Ndata m'chaka cha 2012. Koma chimene chidatchukitsa Thyolo ndicho tiyi. Esiteti ya Satemwa idayamba m'chaka cha 1923, ndipo kufikira lero anthu ambiri a m'midzi yathu ino amalaŵirira m'bandakucha kukathyola tiyi m'maesiteti, dengu lili kumsana.

Munda wa tiyi ndi wokongola zedi, wosalala ngati mphasa yobiriŵira, koma mthunzi wake ndi wochepa. Mtengo wa tiyi amaudulira kuti ulekeze m'chiuno mwa munthu, kotero kuti wothyola amakhala pamtetete kuyambira m'maŵa kufikira dzuŵa litapendeka. Tsono dzuŵa la kuno si lamaseŵera. Chifukwa cha malo amene dera lathu lili padziko lapansi, dzuŵa limadutsa paliwombo penipeni kaŵiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, ndipo ulendo wachiŵiriwu umagwa pakati pa nyengo imene tiyi amaphuka kwambiri. Pamwamba pa izi, kumtunda ngati kuno mphamvu ya dzuŵa imaposa ya kuchigwa, ngakhale kuti mphepo yake ndi yozizira.

Chimene chimaononga khungu si kutentha kumene timakumva ai, koma mivi ina yosaoneka imene imadza pamodzi ndi kuŵala. Akatswiri amaitcha UVA ndi UVB. Wa UVB ndiwo umaŵaula khungu, pamene wa UVA umaloŵa mkati ndi kulikalambitsa msanga. Miviyi imabowola mitambo yopyapyala, choncho ngakhale tsiku la chiperoni mu Juni, pamene tavala majuzi, khungu silili pa mtendere kotheratu.

Ambirife Mulungu adatipatsa chishango m'khungu momwemu, utoto wakuda wotchedwa melanin. Ndiwo umatiteteza kuti tisapse msanga. Komabe chishangochi sichikwanira pa zonse, pakuti dzuŵa la zaka zambiri limathandiza kudzetsa ng'ala m'maso. N'chifukwa chake chipewa cha mlaza cha mlomo waukulu ndi chuma kwa wothyola tiyi ndi mlimi aliyense.

Alipo abale athu ena amene adabadwa ndi utoto umenewu wochepa kwambiri, ndiwo anthu achialubino. Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti m'Malaŵi muno alipo opitirira 134,000. Tonse tikukumbukira nkhanza zoopsa zimene adayamba kuchitiridwa kwambiri kuyambira m'chaka cha 2014 chifukwa cha zikhulupiriro zachabe. Koma ali ndi mdani wina woyenda mwakachetechete, ndiye khansa ya pakhungu. Imayamba ngati kachigamba kokakala pakhutu, pamlomo, pakhosi kapena kuseri kwa dzanja, kenaka kachilonda kosapola. Kakaoneka msanga, a chipatala amakachotsa. Kakachedwa, kamatenga moyo wa munthu akali mnyamata.

Pano m'pamene pafunika mafuta oteteza khungu ku dzuŵa. Pa botolo lake pamalembedwa zilembo zakuti SPF ndi nambala. Safunsa adadya phula, tiyeni tiimvetse nambalayi. Tiyerekeze kuti mivi 100 ya UVB yagwa pa khungu lodzozedwa bwino. Mafuta a SPF 15 amalola mivi pafupifupi 7 kudutsa, a SPF 30 amalola pafupifupi 3, ndipo a SPF 50 amalola 2. Palibe mafuta otsekereza mivi yonse. Wachialubino asadzole ochepera pa SPF 30, ndipo aonetsetse kuti pa botolopo palembedwanso UVA. Adzole mokwanira asanatuluke m'nyumba, osaiŵala makutu, milomo ndi kumbuyo kwa khosi, nadzolenso pakapita maola aŵiri kapena akatuluka thukuta. Mafuta wamba a m'golosale amangofeŵetsa khungu, sateteza konse. Makolo afunse za mafuta enieniwo ku chipatala cha boma ndi ku bungwe la APAM, limene limaimira anthu achialubino m'dziko muno.

Chodabwitsa n'chakuti alendo ochokera ku Ulaya amagona pamchenga ku Mangochi kufuna kuti khungu lide, osadziŵa kuti kudako ndi chizindikiro chakuti khungu lavulala kale. Nthaŵi yomweyo atsikana athu ena akutaya ndalama kugula mafuta oyeretsa khungu, amene amachepetsa melanin, ndipo ena mwa mafutawo ali ndi mankhwala aululu oononga impso. Wina akuthamangira chimene mnzake akuthaŵa. Ana athu, khungu limene mudabadwa nalo silisoŵa kukonzedwa.

Ife aphunzitsi timaphunzitsa ana lamulo lapafupi: ukaona chithunzithunzi chako chafupika kuposa msinkhu wako, thaŵira pamthunzi. Mwana wachialubino timuloleze kuvala chipewa, malaya a manja aatali ndi buluku lalitali ngakhale yunifolomu ili ina. Akhale kutsogolo m'kalasi chifukwa maso ake saona patali, ndipo asatumidwe kukalima m'munda wa sukulu masana. Nako ku mpingo, pa msonkhano wa panja kapena pa maliro, akulu a mpingo ndi amayi a Mvano aziyamba ampezera malo pamthunzi. Akapitawo a m'minda nawonso angathe kumpatsa ntchito ya pansi pa denga.

Tsiku la 13 Juni chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira anthu achialubino, ndipo m'chaka cha 2021 anthu a ku Nkhotakota adasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu woyamba wachialubino ku Nyumba ya Malamulo. Mwina phungu wina, m'busa kapena mphunzitsi wa maŵa akusewera padzuŵa pa bwalo lina kwa Chimaliro kuno, mutu uli pamtunda. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Timugulire chipewa.