Za Eriyo ya pa Galimoto ndi Njira ya ku Chilwa

Kapena ena a owerenga athu adzazizwa pakuona kuti tsamba lino, limene likhala la nkhani zolemera, mwezi uno talipereka kwa kachitsulo koonda ngati bango, kamene kaima pambali pa galimoto. Anthu akatcha eriyo, ndiko kamlongoti kamene kakola mau a wailesi m'mlengalenga ndi kuwatsitsira m'kabokosi kali patsogolo pa woyendetsa. Ku Blantyre kapena ku Zomba munthu akhoza kuyenda chaka chathunthu osakayang'ana konse, pakuti kumeneko nsanja zoulutsira mau ziri pafupi, ndipo ngakhale kawaya kakafupi kakwanira. Koma ife amene nchito yathu ititsitsira ku chigwa cha Phalombe kufikira m'mphepete mwa Nyanja ya Chilwa tadziwa kuti kachitsuloka kakafa galimoto igontha, ndipo pamodzi nayo agonthanso anthu ena ambiri amene sanakweremo ndi kale lonse.

Tiyambe taona dzikolo. Chilwa ndi nyanja yopanda mtsinje woturukamo. Phalombe, Sombani, Likangala, Domasi ndi mitsinje ina ithiramo madzi ao, koma madziwo alibe kopita. Angokwera kumwamba ndi dzuwa, nasiya mchere pansi. Chifukwa chache madzi a m'nyanjayi ali ndi kamchere, ndipo nyanjayo ikula ndi kuchepa monga mvula ifunira. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 ngalawa zambiri zinagona pa matope ouma kutali ndi madzi. Dothi la m'chigwamo ndi makande. M'dzinja ligwira matayala ngati ulimbo; m'malimwe liphwanyika likhala pfumbi losalala ngati ufa wosefa, limene lilowa pali ponse pamene mpweya ukhoza kulowa. Mseu wa phula wochokera ku Zomba kudzera pa Jali wapeputsa ulendo ndithu, koma wofuna kufika ku madoko monga la Swang'oma ayenera kulisiya phulalo ndi kutsata njira za dothi, kumene adzakomana ndi njinga zosenza madengu a matemba, makumba ndi milamba.

Tsono eriyo ya galimoto yathu iri ya mtundu uja wodzikweza wokha. Magalimoto ambiri a zaka za m'ma 1980 ndi 1990, makamaka ochokera ku Japan, anapangidwa nayo. Mukayatsa wailesi kamlongoti katuruka m'thupi la galimoto, mfundo ndi mfundo, monga nkhono iturutsa nyanga zache, mukazimitsa kabwereramo. Machitidwe ache ali otere. Kunsi kwa madigadi kwabisika kamota, ndi kankhokwe kozungulira m'mene mwapindidwa chingwe cha nailoni cha mano mano ngati macheka. Nsonga ya chingwecho yamangika ku mfundo ya pamwamba ya kamlongoti. Wailesi ikayaka itumiza moto wa mavoti 12 pa kawaya kache, kamene kawiri kawiri kakhala ka buluu. Pomwepo mota izungulira, mano a gudumu lache aluma mano a chingwe, nachikankhira kumwamba. Nzeru yache njabwino, sitikana iai. Anaipangira mizinda kumene galimoto itsukidwa ndi makina, nisungidwa m'nyumba za denga lalifupi. Koma iwo amene anaiganiza sanaone pfumbi la ku Chilwa mwezi wa October.

Taonani chimene chichitika. Kamlongoti kali chiimire, pfumbi liunjikana pa mfundo zache, ndipo pobwerera kalitenga kulowa nalo m'kati. Mvula ikadza madzi atsata njira yomweyo. Pansi pa mota pali kachiboo koturutsira madzi, koma matope a m'njira akatseka, kotero kuti madzi, pfumbi ndi mchere zisanganikirana m'menemo zikhala phala lokhakhala, lodya chitsulo pang'ono pang'ono. Mota iyamba kubuula pokankha. Chingwe cha nailoni, chimene chakalamba ndi kutentha kwa zaka zambiri, chiuma ngati phesi, ndipo tsiku lina chiduka. Yathu inatero m'malimwe apitawa: mota inalira monga mwa masiku onse, koma kamlongoti kanakwera mfundo ziwiri zokha, kanaima pomwepo, osakweranso, osatsikanso. Pa boma la Phalombe mau anali kumvekabe. Koma pamene tinali kutsikira ku nyanja anayamba kuzirala, kufikira wailesi inangotsala ndi phokoso longa la mafuta owira m'chiwaya.

Wina anganene, Nanga bvuto lache nchiyani, popeza masiku ano ali yense ali ndi lamya ya m'manja? Munthu wotero sanali kuno mwezi wa March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwa pa dziko la kumwera. Mvula inabvumba masiku angapo osaleka, mapiri a Mulanje ndi Michesi anatsitsa madzi ndi miyala, milatho inakokoloka, ndipo anthu mazana ambiri anatayika m'maboma a kuno. Magetsi anazima m'malo ambiri, lamya zinatha moto imodzi imodzi, ndipo mwini lamya anangoigwira m'manja ngati mwala. Koma batire ya galimoto isunga moto wache, ndipo wailesi idya wochepa. Akuru a ku Phalombe sanafunike kuwauza za choopsya chotere, pakuti akumbukira chigumula cha March 1991, chimene chinatsika ku Michesi ndi kupha anthu mazana. Iwo achitcha Napolo. Machenjezo a ofesi yoona za nyengo afika kwa anthu a kumidzi makamaka pa wailesi, pa MBC, pa Zodiak, pa Mzati ya ku Mulanje ndi pa Chanco ya ku Zomba. Ndipo si za namondwe zokha. M'miyezi ya June ndi July mwera ukhoza kugubuduza bwato ngakhale pa nyanja yosaya ngati iyi, ndipo asodzi ena akhala masabata m'zimbowera zao zoyandama pakati pa njedza, nabwera ku mtunda ali ndi njala ya nkhani yoposa ya nsima. Galimoto yathu ikaima pa doko nthawi ya nkhani, zitseko ziri chitsegulire, sipapita nthawi anthu asanaizinge. Pamene eriyo inafa anatifunsa ngati afunsa za mbale wodwala.

Chifukwa chache tinakagula kamlongoti kena ku Limbe, pa sitolo ya zitsulo za magalimoto. Pano tichenjeze ali yense wofuna kuchita chimodzimodzi kuti timilongoti timeneti sitifanana tonse. Zingwe zina ziri za mano, zina zosalala; kutalika ndi kunenepa kwache kusiyananso, kotero kuti wogula ayenera kunena mtundu wa galimoto ndi chaka chache, kapena kutenga kakale m'manja kuti akayerekeze. Pobwera tinapita nako kwa makaniko wina amene agwira nchito yache pansi pa mtengo wa mango, pa msika wina wa m'mbali mwa mseu. Iye sanayambe wagwira sipanala. Anauza mnyamata wache kuti ayatse wailesi, ndipo iye anaika khutu pa madigadi.

"Bambo, mota yanu njamoyo," anatero. "Mukuimva kulira kwache? Chaduka ndi chingwe. Ikadakhala chete, tikadayamba tayang'ana fyuzi ndi kawaya ka buluu."

Pamenepo anamasula nati ya pamwamba, imene igwira kamlongoti ku thupi la galimoto, atayala nsanza pozungulira kuti utoto usakandike. Wailesi iri chiyakire anakoka kamlongoti kakale, ndipo kanaturuka pamodzi ndi chingwe chache. Asanachisolole chonse anayang'anitsitsa kumene mano ache analoza, pakuti chatsopano chiyenera kulowa mano ataloza komweko. Ndipo anachita chinthu chimene munthu waliwiro akadachilumpha: anagoneka zingwe ziwirizo pansi, chakale ndi chatsopano, naziyerekeza. Chakale chinaperewera ngati chikhatho chimodzi. Ndiko kuti chiduswa chache chinatsalira m'kankhokwe, ndipo chikadatsekereza chingwe chatsopano, kapena kuchidula tsiku lomwelo.

Apa ndipo nchito inakula. Anachotsa chophimba cha m'kati mwa madigadi, nazula waya wa moto ndi waya wonenepa wopita ku wailesi, naturutsa mota yonse. Pakutsegula kankhokwe tinaona chiduswa chija chitadzipinda m'matope ouma, ndi timano tina ta nailoni tothothoka. Anapukuta monse, napaka girizi pang'ono pa gudumu, natokosa kachiboo ka madzi ndi kawaya kufikira kanatseguka. Pobwezera anapala dzimbiri pamene tsinde la eriyo likhudzana ndi chitsulo cha galimoto, kufikira panawala. Tinamfunsa chifukwa chache, ndipo anati pamenepo pakachita dzimbiri wailesi ilira ngati ya chimfine. Ananena zoona, pakuti kamlongoti ndi theka chabe la eriyo. Theka linalo ndilo thupi la galimoto lomwe, ndipo ziwirizi zikapanda kugwirana bwino mau afika ofoka.

Chotsala chinali chapafupi, koma chifuna anthu awiri. Wailesi itayatsidwa analowetsa nsonga ya chingwe chatsopano m'dzenje kufikira inagunda gudumu, napfuula kwa mnyamata, "Iwe, zimitsa!" Mota inaluma chingwe nichimeza monga nsato imeza mbewa, iye akutsogolera kamlongoti ndi dzanja kuti kalowe choongoka. Anamanga nati, ndipo anayatsa ndi kuzimitsa kanai kapena kasanu. Poyamba kamlongoti sikanalowe konse ndipo mota inachita phokoso lakuti kha kha kha. Koma pa ulendo wachitatu chingwe chinadzipinda bwino m'malo mwache, kamlongoti kanamira mpaka kamutu.

Atasamba m'manja anatiuza za kukhosi. "Mukadandimvera ine, bambo, mukadaika ya chitsulo chimodzi, yongoima chiriri, yopanda mota. Ija ilibe chodwala. Iyi mudzabwera nayonso." Ife tiyesa kuti kwa anthu ambiri oyenda njira zino uphungu wachewo ngwolungama, ndipo mota ikadapezeka yakufa, sitikadataya ndalama kufuna ina. Tinasunga yodzikwezayo popeza mota inali yamoyo, ndiponso galimoto yathu igona m'midzi ya eni ache, kumene ana aona kamlongoti koima ngati chinthu chowaitana kuti adzakapinde. Koma pa chinthu chimodzi tinabvomerezana naye kotheratu, ndicho kukana tieriyo tija tatifupi tonenepa ngati chala, timene anyamata atikonda chifukwa cha maonekedwe. Mau a FM ayenda m'mafunde, ndipo pa nambala ya 100 funde limodzi litalika mamita 3. Eriyo ikola bwino ikakhala gawo limodzi la magawo anai a funde, ndiwo masentimita 75 kapena kuposerapo pang'ono. Kutalika kwa kamlongoti sikunaikidwa mwa chifuniro cha munthu ai, ndipo chifukwa chache yathu ija, itaima pa mfundo ziwiri, inamva za pafupi zokha.

Tionjezepo kanthu kena kamene kasokoneza ambiri ogula magalimoto a ku Japan, nawachititsa kunamizira eriyo yosalakwa. Wailesi za kumeneko zinapangidwa kuti zikole kuyambira pa 76 kulekeza pa 90, pamene nyumba zoulutsira mau za kuno ziri pakati pa 87.5 ndi 108. Motero mwini galimoto angomva nyumba imodzi kapena ziwiri, ngakhale eriyo yache ikhale yatsopano. Mankhwala ache ndiwo kabokosi kamene amisiri akatcha ekisipanda, kamene kalumikizidwa pakati pa eriyo ndi wailesi, katsitsa manambala a kuno kuti alowe m'malire a wailesiyo. Nambala yooneka pa galasi ikhala yonama, koma mau ndi omwewo.

Pamene tinali kudikira, nkhalamba ina yokhala pa benchi inatikumbutsa za wailesi zoyamba kufika m'midzi, zija zozungulira ngati sefuliya, zimene zinayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa £5, pamene mau a Chinyanja anali kuchokera ku Lusaka, MBC isanabadwe mu 1964. Inati atate ache anamanga waya wautali kuchokera pa tsindwi kufikira pa nsungwi yozikidwa pabwalo, ndipo mwana ali yense wokhudza nsungwiyo analawa mkwapulo. Makaniko anaseka, nati ana a masiku ano mkwapulo sauopa, nchifukwa chache azungu anapanga eriyo yothawa yokha.

Tsopano m'thumba la chitseko mukhala kansanza. Tikafika kumene tigona tipukuta mfundo zonse wailesi isanazimitsidwe, kuti pfumbi la tsikulo lisalowe m'kati. Mafuta sitipakapo, pakuti mafuta ndiwo aitana pfumbi. Ulendo wotsatira tinafika pa doko dzuwa litapendeka, ndipo mau anamveka oyera kufikira pamene matayala anaima pa matope. Anthu anamva nkhani, namvanso za mphepo ya mawa lache, ndipo amuna awiri anapita kukakokera mabwato ao kumtunda. Pamene tinati tizimitse kuti tisunge batire, mai wina woyanika matemba anatukula dzanja, nati, "Pepani bambo, taisiyani pang'ono athe mauthenga a maliro, achimwene anga ali gone ku chipatala ku Blantyre, ndipo lamya yao yakhala chete kuyambira Lachiwiri." Tinaisiya. Maina anawerengedwa onse, la mbale wache silinatchulidwe, ndipo iye anabwerera ku thandala lache kukatembenuza nsomba.