Khutu Limatula Mlandu, Geji Ndiyo Imagamula

Galimoto zambiri zimene zimalowa m'magalaja a ku Kitwe ndi ku Ndola zimafika mlandu utagamulidwa kale. Mwini wake wamva kugogoda pamwamba pa injini, wina pa siteshoni ya minibasi wamuuza kuti camshaft yatha, ndipo iye wafunsiratu mtengo kwa ogulitsa zipangizo zakale. Akafika kwa ife amakanika amangofuna manja omasula ndi kumanga. Ine amene ndimadyera sipanala ndikukana kuti ntchito yathu ithere pamenepo. Khutu ndi mboni yoyamba, ndipo ndimalilemekeza, koma pabwalo lililonse mboni sigamula mlandu. Chitsulo chisachotsedwe mu injini chisanayezedwe, ndipo injini imene yamangidwa kumene timing isalizidwe isanazungulitsidwe ndi manja. Amene alumpha ziwirizi akuombeza, ndipo amene amalipira ula wakewo ndi mwini galimoto.

Zimene khutu limatha kunena ndi zambiri ndithu. Crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft imazungulira kamodzi. Injini ikamalira galimoto itaima, tinene maulendo 800 pa mphindi, camshaft imazungulira maulendo 400, ndiye kuti vavu iliyonse imatseguka pafupifupi kasanu ndi kawiri pa sekondi. Phokoso la kumtunda limatsata kayendedwe kameneka ndipo limakhala lopepuka, tchatchatcha ngati makina osokera. La pansi, la ma bearing, limakhala lolemera ndipo limakula galimoto ikamakwera mtunda. Timatenga sikuludilaiva yaitali, nsonga yake n'kuikhazika pa chivundikiro cha mavavu, chogwirira n'kuchitsamiritsa pa fupa la kuseri kwa khutu, kenaka n'kumasuntha pang'onopang'ono mpaka pamene chitsulo chikunjenjemera kwambiri. Koma pamalo amene chikhatho chimodzi chingaphimbe pali oganiziridwa ambiri. Ma injector nawo amalira tchatchatcha ali bwinobwino. Gasiketi ya manifold ya utsi ikabooka imamveka ngati vavu, kenaka imakhala chete injini ikatentha. Giya ya VVT-i imene ili kumutu kwa camshaft imatha kugwedera masekondi awiri m'mawa oyilo asanafike. Tcheni chotamuka chimakwecha kutsogolo. Khutu latifikitsa pamudzi, koma silinatiuze khomo.

Khomolo timalipeza poyeza, ndipo poyambira ndi oyilo. Camshaft imakhala pamwamba penipeni, kutali ndi pampu, choncho ndiyo imalandira oyilo pomalizira ndipo ndiyo imayamba kudandaula akachepa. Nyali yofiira ya pa dashibodi imayaka mphamvu ya oyilo itatsikiratu, ndiye kuzima kwake si umboni woti zonse zili bwino. Timachotsa swichi ya nyaliyo, n'kumangapo geji, n'kuwerenga injini itatentha. Tikatero timatsegula chivundikiro. Pansi pake pamaoneka mbiri yonse ya galimoto: pena chitsulo choyera chonyezimira, pena matope akuda omata ngati mkute wopserera pansi pa mphika. Kenaka timatenga feeler gauge. Pa injini ya Toyota 1ZZ-FE, imene ili mu Corolla, Allion ndi Premio zambiri za m'misewu yathu, mpata wa mavavu olowetsa mpweya uyenera kukhala pakati pa 0.15 ndi 0.25 mm injini itazizira, ndipo wa mavavu otulutsa utsi pakati pa 0.25 ndi 0.35 mm. Kampeni koyenera ka gejiyi kamalowa mokakamira pang'ono. Kakangodutsa osakhudza, phokoso talipeza, ndipo mankhwala ake ndi kukonza mpatawo. Camshaft imaweruzidwa pokhapokha chikhadabo chikakola mizere pa nsonga zake ndipo micrometer yaonetsa kuti zafupika. Ngakhale pamenepo funso limatsala: n'chiyani chinaidya? Camshaft yatsopano yoikidwa pa njira za oyilo zotsekeka idzafa imfa yomweyo ya inzake.

Kuno ku Copperbelt kuyeza n'kofunika koposa chifukwa cha mmene galimoto zathu zimabwerera ndi mmene zimakhalira. Zambiri ndi zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, zotsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde, ndipo zimafika popanda buku losonyeza kuti oyilo ankasinthidwa liti. Zikafika zimapuma fumbi la chilimwe, zimaima nthawi yaitali kumbuyo kwa malole opita ku Kasumbalesa injini ikulira pomwe mita ya makilomita ili chiimire. Oyilo amakalamba ndi maola, pomwe mwini galimoto akuwerenga makilomita okha. Apa ena amati: thirani oyilo wolemera, 20W-50, phokoso litha. N'zoona kuti limachepa, ndipo pa injini zakale zotha pali pamene oyilo wotere amathandiza. Koma injini ya VVT-i imasuntha camshaft ndi mphamvu ya oyilo wodutsa m'timabowo ting'onoting'ono ndi kasefa kochepa ngati nsonga ya chala. Oyilo wolemera amachedwa kukwera m'mawa wa mu June, nthawi imene camshaft ikumufuna kwambiri. Kutseka mwana pakamwa sikuchiza chimene chikumuliritsa.

Pa timing pokha ndiye palibe malo a kuganizira. Pisitoni ya silinda yoyamba imakwezedwa pamwamba penipeni, chizindikiro cha crankshaft chimayang'anizana ndi chake, zizindikiro za magiya a camshaft nazo chimodzimodzi, ndipo pa injini za tcheni mphete zopakidwa mtundu zimakhala pa madontho a magiyawo. Anthu amati kuphonya dzino limodzi la giya n'kochepa. Tiwerenge. Ngati giya ya camshaft ili ndi mano 36, dzino limodzi ndi madigiri 10 a camshaft, amene ndi madigiri 20 a crankshaft. Injini ya petulo yotere ikhoza kulira, koma ilibe mphamvu, imamwa mafuta ndipo imatentha. Pa injini za dizilo za 3L ndi 5L, zimene zanyamula anthu a m'matauni athu mu Hiace kwa zaka zambiri, pisitoni ndi vavu zimagwiritsa ntchito malo amodzi mosinthana, ndiye lamba akaduka kapena akalumpha mano, zimakumana ndipo mavavu amapindika. N'chifukwa chake Toyota inaika nyali ya T-BELT pa dashibodi, ndipo kuizimitsa osasintha lamba n'kudzinamiza. Sindivomerezanso chizolowezi chopaka penti pa lamba wakale n'kukopera pa watsopano osayang'ana zizindikiro za fakitale, chifukwa ngati amene anamanga poyamba analakwitsa, cholakwacho mwachilandira ngati chuma chamasiye. Mukamanga, chotsani mapulagi, ikani sipanala pa bawuti ya crankshaft, zungulitsani kawiri mofatsa. Pakalimba, imani, musakakamize. Pakapanda kulimba, onani ngati zizindikiro za magiya zabwerera pamalo pake. Mphete za mtundu zija sizibwerera pomwepo pa maulendo awiri okha, ndipo wosadziwa zimenezi amamasula ntchito yabwino.

Otsutsa alipo, ndipo mawu awo ali ndi mutu. Oyamba amati alipo akuluakulu m'ntchito muno amene amangoima pambali pa boneti n'kutchula vuto, ndipo amalondola. Ndikuvomera. Koma khutu lawolo linaphunzitsidwa ndi zaka za kutsegula ndi kuyeza, ndipo mnyamata amene akutengera kuloza chala kwawo osatengera zaka zija watola chikopa n'kusiya nyama. Achiwiri ndi eni minibasi ndi matakisi, amene amati tsiku lililonse galimoto ikagona m'galaja kunyumba kulibe ndiwo. Nkhawa yawo ndi yoona, koma masamu ake ali kumbali yanga. Kuyeza oyilo, mipata ya mavavu ndi zizindikiro kumatenga maola ochepa, pomwe kugula chitsulo cholakwika kumatenga ndalama, masiku odikira, ndi kubwereranso phokoso lili pompo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Achitatu ndi achinyamata a makina a kompyuta, amene amati zonse zimaoneka pa sikirini. Makinawo ndi abwino ndipo galaja ya lero siingakhale popanda iwo. Koma akalemba P0016 akungonena kuti crankshaft ndi camshaft sizikugwirizana. Sakunena ngati chifukwa ndi tcheni chotamuka, dzino lolumphidwa, vavu ya oyilo yomata kapena sensa yakufa. Nayonso kompyuta ndi mboni chabe.

Dera lino linakula ndi anthu odziwa kuyeza. Mwala wotuluka pansi pa mgodi wa Nkana suyesedwa ndi maso kuti muli mkuwa wochuluka bwanji, umapimidwa. Ku NORTEC ku Ndola achinyamata amaphunzira kugwira micrometer ndi sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti, koma ambiri amene akukonza galimoto pansi pa mitengo ndi m'mbali mwa misika anaphunzira poonera, ndipo adzachita zimene ife akuluakulu tikuchita iwo akuona. Choncho udindo uli pa ife, koma eni galimoto nanunso muli ndi mbali yanu. Makanika akakuuzani kuti camshaft yatha, mufunseni mwaulemu kuti geji ya oyilo yawerenga zingati, mpata wa mavavu wapezeka wotani, ndipo akuonetseni nsonga yodyekayo ndi chala chanu muikhudze. Mmisiri woona sakwiya ndi mafunso amenewa, chifukwa mayankho ake ali kale m'manja mwake, olembedwa pa kapepala kothimbirira ndi girisi.