Zipika za ku Sabie, mtima ku Mzuzu

Ndimagwira ntchito pa fakitale ina yocheka matabwa kufupi ndi tauni ya Sabie, m'chigawo cha Mpumalanga ku South Africa. Kwathu amangoti ndili ku Joni, ngakhale Johannesburg ili kutali ndi kuno. Ntchito yanga ndi kulandira zipika zikamatsitsidwa pa lole, kuziyeza, n'kuzilemba m'buku. Zambiri ndi za paini wotchedwa Pinus patula, mtengo wochokera ku Mexico, womwe uja unadzaza mapiri a Viphya. Chipika chikangogwa pansi utomoni n'kutuluka, fungo lake limandilasa mtima.

Ndinakulira ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu. Ena akamva dzina la Mzuzu amakumbuka khofi, ena chisanu cha mu June chimene chimalowa mpaka m'mafupa. Ine ndimakumbuka matabwa. Denga la nyumba yathu, mabenchi a kutchalitchi, madesiki a kusukulu, khola la nkhuku, ngakhale bokosi limene tinaikamo agogo, zonsezo zinali matabwa a m'nkhalango ya Chikangawa, m'mapiri a Viphya. Utuchi nawonso sunkatayidwa. Amayi ankaimika botolo pakati pa chitini chobowola m'munsi, n'kutsendera utuchi mozungulira mpaka uthine ndithu. Akazula botololo pankatsala una, ndipo moto unkayaka pang'onopang'ono m'menemo mpaka nyemba zitapsa. Ife ana tinkaunjikana pomwepo kuwotha manja, mvula yamawawa ikuwaza panja. Kuno kumazizira, nkhungu iliponso, koma moto wotero palibe amene amaudziwa.

Nkhalango ija sinamere yokha. Boma linalimbikira kudzala mitengoyo kuyambira m'ma 1960, mpaka inakuta mahekitala pafupifupi 53,000. Cholinga chinali kudyetsa fakitale ya zopangira mapepala imene inkayenera kumangidwa ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja. Fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo inangokula n'kukhwima, ndipo pamseu wa M1 munkayenda mtunda wautali muli mumthunzi wokhawokha, kwinaku amayi akugulitsa bowa m'mabeseni nyengo ya dzinja. Pambuyo pake kampani ya Raiply inapatsidwa mahekitala 20,000, mbali yotsalayo n'kumalowamo ocheka matabwa osiyanasiyana.

Amalume anali mmodzi wa iwo, koma a sowo yamanja. Ankagoneka chipika pamwamba pa dzenje, n'kulemba mizere ndi chingwe chonyika m'makala. Mmodzi ankaima pamwamba, mnzake m'dzenje, utuchi ukumuthothokera kumaso tsiku lonse. Anthu amenewo sakanaimaliza nkhalango, manja amatopa. Anaimaliza ndi makina. Malole odzaza matabwa ankadutsa mu Mzuzu usana ndi usiku kulowera ku chipata cha Songwe, ulendo wa ku Tanzania ndi ku Kenya, ndipo ife tinkangowaona ngati chizindikiro choti kwathu kuli chuma. Zimene macheka anasiya, moto wa m'chilimwe unkapsereza chaka ndi chaka.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chimene ndimaona kuno. Akadula chigawo chimodzi, sipatenga nthawi mbande zili kale m'nthaka, m'mizere yowongoka. Njira zotchingira moto amalambula nyengo yake isanafike. Palibe zamatsenga apa, ndipo anthu a kwathu ntchito imeneyi amaidziwa bwino, poti nkhalango yonse ija anaidzala ndi manja awo. Tinangofulumira kukolola, kudzala tinakusiyira mawa. Ulendo wanga womaliza wopita kwathu, basi itadutsa pa Jenda n'kuyamba kukwera mapiri, ndinaona zitsa zakuda m'malo ambiri mmene munali mdima wa mitengo. Pena ndi pena panali mitengo yaing'ono yodzalidwa kumene, ndipo ndinkaiyang'anitsitsa mpaka itabisika kumbuyo.

Panopa ndikumanga kanyumba ku Mchengautuwa, ku Mzuzu, ndipo ndalama ndimatumiza kwa achemwali. Khoma lafika pamwamba, kwatsala denga. Tsiku lina anandiimbira kudandaula kuti matabwa akwera mtengo, abwino okhwima akuvuta kupeza. Ndinali nditaima pakati pa milu ya matabwa yotalika kuposa nyumbayo, koma thabwa ngakhale limodzi sindingalinyamule pa basi. Ndinawauza kuti: "Achemwali, musathamange. Funsani kaye amalume, akudziwabe anthu ku Chikangawa. Akasankhe okha ouma bwino, ine ndiwonjezera ndalamayo mwezi ukatha."