Matenda a shuga sapita kutchuthi

Masiku ano si zachilendo kumva kuti mayi kapena bambo wa kuno ku Chiuta waitanidwa ndi mwana wake kukacheza ku Joni. Kale ankapitako ndi amuna okha, kukakumba golide, ndipo pobwera ankabwera ndi njinga, bulangete ndi chifuwa. Lero ana a kuno adzaza mu Johannesburg, ena akusoka, ena akusamalira maluwa m'nyumba za eni, ena ali m'masitolo, ndipo akapeza kangachepe amatumiza ya basi kuti kholo likaoneko dziko. Ndi chinthu chonyaditsa ndithu. Koma ambiri mwa makolo oitanidwawa ndi aja ali ndi kabuku ka kuchipatala, a shuga ndi a BP, ndipo nthenda zimenezi zimakwera nawo basi yomweyo.

Mayi wina wa zaka 61, wamasiye, wa mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta, anayenda ulendo wotere mu Disembala 2023. Mayiwa anawapeza ndi shuga m'chaka cha 2019, atavutika miyezi ingapo ndi ludzu losatha, kutuluka panja kasanu usiku umodzi ndi kuonda kosadziwika bwino. Anamwino anawapatsa mapiritsi ndi malamulo. Tiyi azimwa wopanda shuga. Nsima ikhale ya mgaiwa, mtanda umodzi, ndiwo zamasamba zichuluke kuposa nsimayo. Mchere ukhale wapang'ono, ndipo kudya kukhale kwa nthawi yake.

Mayiwa sanachite kukakamizidwa. Mlongo wawo wamkulu anali ndi nthenda yomweyi, koma iye ankati munthu sangafe ndi tiyi. Kachilonda kamene anadzibaya ndi chitsa kumunda sikanapole, mwendo anaudula, ndipo chaka chisanathe anamuika m'manda. Amene anamudwazika mpaka tsiku lomaliza ndi mayi omwewa.

Pakhomo malamulo a anamwino savuta kwenikweni, chifukwa zimene amalamulazo ndi zimene munda ndi nyanja zimapereka kale. Nkhwani, chisoso, therere, nandolo, khobwe, matemba ndi mlamba, zonsezi ndi za pano pomwe. Mayeso enieni ali kwa eni, kumene mbale imabwera yokonzakonza ndipo wakupatsayo waima pomwepo kudikira kuti uyamike.

Ulendo wake ndi wautali. Anawoloka malire pa Entre Lagos kulowa Nayuchi, nadzera ku Liwonde mpaka ku Blantyre, kumene anakwera basi pa Wenela. Kuchoka apo ndi Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, kenaka Johannesburg, masiku awiri munthu ali chikhalire. Paliponse pamene basi yaima, anzawo ankatsika kukagula tchipisi, mabanzi ndi zoziziritsa kukhosi. Iwo ankamasula kathumba kawo ka mtedza wokazinga wopanda mchere, mazira owiritsa ndi mbatata yophika, n'kumwera madzi. M'chikwama chachikulu munali matemba ouma a adzukulu, mfutso, ndi ufa wa mgaiwa umene anagayitsa okha, poti anamva kuti ufa wa m'masitolo a kumeneko ndi woyera mbee.

Mwana wawo, amene amagwira ntchito yowotcherera zitsulo, anali atakonza kuti tsiku limodzi banja lonse likasangalale ku Gold Reef City. Amenewa ndi malo a zisangalalo amene ali kumwera kwa mzinda wa Johannesburg. Anawamanga pa mgodi wakale wa golide wa kampani ya Crown Mines, umene unatsekedwa m'zaka za m'ma 1970. Muli nyumba zomangidwa motengera za nthawi imene golide anangopezeka kumene m'deralo, m'chaka cha 1886, ndipo muli akatungwe a makina a mitundumitundu. Wina dzina lake ndi Anaconda, kasitima kothamanga m'mwamba kamene kamazondotsa anthu, miyendo ili lendelende. Munthu amalipira ndalama yolowera, n'kuswera momwemo tsiku lonse.

Mamawa a tsikulo mayiwa anapempha apongozi awo kuti awapatse mpata pa chitofu. Anaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nadya ndi dzira limodzi, namwa mapiritsi awo. Ana anakana phalalo, amvekere tikadya komweko. Mwana wawo anawatulutsira nsapato zatsopano zimene anawagulira, koma iwo anati zimenezo adzavala Lamulungu popita ku tchalitchi, lero avala zawo zakale zotseka zala. Munthu wa shuga mapazi ake amachita dzanzi, ndiye nsapato yatsopano ikhoza kumutupitsa thuza iye osamva, ndipo thuza lotero ndi lomwe limasanduka chilonda chosapola.

Atangolowa pachipata, chinawalonjera ndi fungo. Apa akukazinga tchipisi, apo akuwotcha soseji, uko akugulitsa shuga wopota ngati thonje, wofiirira, womata pa kamtengo. Dzuwa la Disembala linali litakwiya, ndipo aliyense anali ndi chozizira m'manja. Sipanapite nthawi, mwana uja anatulukira ndi ayisikilimu zisanu, yaikulu koposa n'kupatsira amayi ake ndi manja awiri.

Apa ndi pamene panali nkhani. Kuno munthu sakana chakudya cha mwana wake. Kholo likabweza mbale, anthu amafunsa kuti pali chiyani pakati pawo, ndipo mpongozi amayamba kudziyesa kuti kapena walakwa ndi iye. Mayiwa analandira, naigwira kanthawi, ikusungunukira m'zala.

"Amayi, idyani," anatero mwana uja. "Ndi lero lokha. Ndalama ya tsiku limeneli ndasunga miyezi isanu. Kodi mwabwera ulendo wonsewu kudzamwa madzi?"

"Mwana wanga, ndalandira ndipo ndathokoza," anayankha mayiwa. Anatapa kasupuni kamodzi, nalawa. "Yakoma zedi. Koma amalume ako unawaona mmene anagonera. Nawonso ankati ndi lero lokha, pa ukwati, pa Khirisimasi, pa msika. Yotsalayi gawanani ndi apongozi. Ukafuna kundisangalatsa, undigulire madzi ozizira, ndipo ikakwana 12 koloko undipezere nkhuku yowotcha."

Mwanayo sanayankhe. Anayenda patsogolo nkhope ili gwaa, ndipo kwa ola lathunthu ankangolankhula ndi ana ake okha. Apongozi ndi amene anabwerera m'mbuyo, nagwira mayiwa pamkono. Anawauza kuti mayi awo owabala nawonso ali ndi BP, ndipo akudziwa mmene zimavutira kukana pamaso pa anthu.

Ena anganene kuti mayiwa anakokomeza, ayisikilimu imodzi siipha munthu. Nzoona, imodzi siipha. Koma pa malo otere sipakhala imodzi. Ikatha ayisikilimu pakubwera chakumwa, chikatha chakumwa pakubwera keke, ndipo ana amene akukondwa kuti kholo lawo lafika sawerenga. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza m'chaka cha 2015 kuti munthu wamkulu asamapyole magalamu 50 a shuga wothira pa tsiku, amene ndi masupuni a tiyi pafupifupi 12, ndipo amenewo ndi malire a munthu wabwinobwino, wosadwala. Chitini chimodzi cha chakumwa chozizira cha mamililita 330 chikhoza kukhala ndi magalamu 35. Zitini ziwiri zokha, malire apyola kale. Mchere nawo bungwe lomweli limati usafike magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, pamene soseji ndi tchipisi ndi mchere wokhawokha. Boma la South Africa lomwe linaona vutoli, ndipo mu Epulo 2018 linayamba kudula msonkho pa zakumwa zothira shuga. Akuluakulu anati chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Itakwana 12 koloko banja linali pa mzere wautali wodikira katungwe. Mwana uja anati adya akatsika, koma mayiwa anakana kudikira. Anthu ambiri amaganiza kuti wa shuga mdani wake ndi kudya kokha, osadziwa kuti njala nayo ndi yoopsa. Munthu amene akumwa mapiritsi ena otsitsa shuga, kapena wobaya jakisoni wa insulin, akayenda mtunda wautali osadya shuga wake akhoza kutsika mopyola. Amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, kuona chizungulire, ndipo akapanda kuthandizidwa amakomoka. Apongozi anatuluka nawo pa mzere. Anapeza pogulitsa nkhuku yowotcha. Mayiwa anachotsa chikopa, nadya nyamayo ndi masamba osaphika amene anali m'mbalemo, natolako tchipisi zochepa m'malo mwa nsima, zotsalazo anasungira adzukulu.

Pofuna kulipira madzi, anamasula mfundo ya chitenje, ndipo mdzukulu wamng'ono amene anawatsatira anaona masiwiti atatu ali pamodzi ndi ndalama. Anafuula kuti agogo akubisa masiwiti. Mayiwa anaseka mpaka misozi. Anamufotokozera kuti amenewo ndi mankhwala, anamwino anati asamasiyane nawo, kuti shuga akatsika mwadzidzidzi aponye m'kamwa msanga. Masiwiti atatuwo anapita ku Joni, nabwerera ku Chiuta osamasulidwa.

Akatungwe othamanga aja sanakwere. Pa makina otere pamakhala zikwangwani zochenjeza a nthenda ya mtima ndi a BP, ndiye iwo anakhala pa mthunzi kusunga zikwama, akuwomba m'manja adzukulu akamadutsa m'mwamba akukuwa. Chimene anapempha ndi choti awaperekeze pamene panali pakamwa pa mgodi. Bambo awo anapita ku Joni ndi Wenela m'zaka za m'ma 1960, nagwira mu mgodi wina wa dera lomwelo. Ankasimba za phala, nyemba ndi mahewu a mu komponi, ndiponso za chikepe chotsitsa anthu ku mdima dzuwa lisanatuluke. Anabwera ndi makina osokera ndi chifuwa chimene anafa nacho. Mayiwa anaima nthawi yaitali akuyang'ana zitsulo zakalezo, osalankhula. Mwana wawo, amene agogo akewo sanawaone, anafika naima pambali pawo, nayamba kufunsa mafunso. Mkwiyo wa ayisikilimu unathera pamenepo.

Madzulo ali kunyumba, mayiwa anasamba mapazi, nawayang'ana bwinobwino pakati pa zala monga amachitira tsiku lililonse. Atatha anaitana mwana wawo. Anamuuza kuti anakhala akumuwerengera, ndipo tsiku limenelo lokha anamwa zitini zinayi. Anamukumbutsa kuti shuga amayenda m'magazi a pa mtundu, amalume ake anali naye, amayi ake ali naye, ndipo mimba imene wayamba kutulutsayo asaiyese chizindikiro cha ndalama. Mwanayo anaseka, amvekere ine ndili bwino. Koma apongozi anaisunga nkhaniyo, ndipo mu Januwale 2024 anamukokera ku kiliniki. Shuga anapezeka ali bwino, koma BP inali yokwera, mwini wake osadziwa, ali ndi zaka 36 zokha. Lero naye ali ndi kabuku kake.

Mayiwa anabwerera kumudzi mwezi womwewo, chimanga chili m'chiuno. Atapita kukatenga mapiritsi, anamwino anawayeza napeza shuga ali pomwe anamusiya asananyamuke. Zithunzi za ku Gold Reef City zili mu foni, ndipo aliyense wobwera kudzawalonjera amamuonetsa.

Si onse a kuno amene adzafike ku Johannesburg, koma mayeso omwewa amapezeka pafupi. Ali pa ukwati, pa chinkhoswe, pa Idi, pa Khirisimasi, pa tsiku la msika ku Insaca, ndi pa ulendo wa ku Cuamba kapena ku Liwonde. Wodwala shuga kapena BP akamanyamuka, atenge mapiritsi okwanira ulendo wonse ndi kabuku kake, ndipo aziike m'chikwama cha m'manja, chifukwa katundu wa pansi pa basi amatha kusochera. Adye kunyumba asanapite ku chisangalalo, poti wanjala sasankha. Ludzu alithetse ndi madzi. Nthawi ya kudya ikakwana adye, ngakhale gule ali pakati. Ndipo auziretu eni khomo tsiku lofika lomwelo za nthenda yake, kuti mawa akakana chinthu pasakhale wokhumudwa.

Inu ana amene muli ku Joni, ku Nampula, ku Blantyre ndi kwina konse, kholo likabwera kwanu n'kukana keke kapena chakumwa, musaliyese lonyoza thukuta lanu. Lifunseni zimene anamwino analiuza, ndipo mugule zimenezo. Nsomba, nyemba, masamba ndi zipatso zili m'misika ya kumeneko, ndipo kawirikawiri mtengo wake ndi wotsika kuposa wa zokazinga za m'malesitilanti. Mukamaliperekeza ku basi, tsiku lomwelo mudzere ku kiliniki mukayezetse shuga ndi BP yanu.