Kadimba ka M'kati mwa Mpanda

Mphunzitsi amene wagwira ntchito m'sukulu zakumidzi amazolowera malo otakasuka. Kwa zaka 36 ndidakhala m'nyumba za aphunzitsi, ndipo ngakhale kuti zina zidali zodontha, kuseri kwa iliyonse kudali nthaka yoti munthu n'kulimapo chimanga, maungu ndi mbatata mpaka kutopa. Nditapuma ntchito m'chaka cha 2021, ine ndi akazi anga tidasamukira ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre, m'kanyumba kamene tidamanga pang'onopang'ono. Kumeneko ndidapeza kuti munda wanga wonse ndi kabwalo ka mamita 5 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi. Kumpoto kwake kudali nyumba, kuvuma khitchini ndi bafa, ndipo mbali ziwiri zotsalazo kudali mpanda wanjerwa.

Ndalama zopumira ntchito zidachedwa kutuluka, ndipo m'tauni ngakhale chisoso, chimene kumudzi tinkazula ngati udzu, chimagulitsidwa pamulu. Kugula masamba tsiku ndi tsiku kudandipweteka m'thumba. Kudandichititsanso manyazi, ine amene ndidaphunzitsa ana zaulimi kwa zaka zonsezo.

Choncho mwezi wa June, akazi anga atapita kumaliro kumudzi, ndidatenga khasu n'kukonza mabedi atatu pakati penipeni pa bwalo, ndipo ndidafesa mpiru. Atabwerera adaima pakhomo nthawi yaitali katundu ali pamutu.

"Abambo," adatero, "ufa ndiziyanika pati? Nanga zovala? Alendo akabwera azikhala pampirupo?"

Ndidasowa choyankha. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ine ndidaona malo opanda kanthu, pamene iwo adaona khitchini, poyanikira ndi pochezera. Bwalo laling'ono limakhala ndi ntchito zake kale, ndipo wofuna kulimamo ayenera kuyamba wafunsa eni ntchitozo. Chochititsa manyazi china chidali chakuti mpiruwo udakana. Udamera bwino, koma udatalika monyentchera, masamba ake otuwa ndi opyapyala.

Chifukwa chake ndidachidziwa kalekale, kungoti ndidali ndisadachigwiritsepo ntchito. Kukoleji ya aphunzitsi tidaphunzira kuti popeza dziko lathu lili kummwera kwa ikweta, miyezi ya June ndi July dzuwa limadzera chakumpoto. Motero nyumba yathu inkagwetsa mthunzi wake pabwalo pafupifupi tsiku lonse, ndipo chiperoni chikabwera kunkangokhala zii. Ndidatenga choko chimene chidatsala m'thumba la jekete, n'kumalemba pansi ndi pakhoma pamene mthunzi walekeza nthawi ya 8 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 4 koloko madzulo. Patatha sabata ndidaona kuti malo owomba dzuwa kwambiri ndi m'mbali mwa mpanda wakummwera, m'kadanga kosakwana mita imodzi. Ntchito imeneyi sidandidyere ngakhale tambala, koma ndiyo idandiuza pobzala chilichonse. Matimati ndi tsabola, zimene zimafuna dzuwa la maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, zidapita kumpandako. Masamba, amene amapirira mthunzi pang'ono, adatsata khoma lakuzambwe. Pakati ndidasalaza, n'kubwezera eni ake.

Nthaka ikachepa, dimba liyenera kuimirira. Ndidapempha matumba akale a feteleza, aja a makilogalamu 50, kwa achibale akumudzi. Kakonzedwe kake n'kosavuta, koma kamafuna kudekha. Mumatenga chitini chochotsedwa pansi ndi pamwamba, n'kuchiimika pakati pa thumba ndi kuchidzaza timiyala. M'mbali mwake mumathira dothi losakaniza ndi manyowa, magawo awiri a dothi ndi gawo limodzi la manyowa. Kenaka mumakweza chitini chija n'kubwereza, mpaka thumba litadzaza, ndipo pakati pamatsala mzati wa timiyala kuchokera pansi kufika pamwamba. Madzi mukathira pamiyalapo amatsikira thumba lonse m'malo mongonyowetsa pamwamba. Pomaliza mumaboola timabowo m'mbali mwa thumba, motalikirana ngati chikhatho, ndi kuwokeramo mbande. Thumba limodzi, loima pamalo osaposa pamene paima ndowa, lidandisungira mbande za repu zoposa 20.

Manyowa ndidawapeza kwa mnansi woweta nkhuku posinthana ndi madeya. Apa ndichenjeze: zitosi zaziwisi zimawotcha mizu, ndipo ziyenera kuwolerana kaye. Matumba nawonso samakhalitsa, chifukwa dzuwa limawafumbutsa ndipo pakatha chaka amayamba kung'ambika. Koma thumba lakale ndani angalilire?

Zoyanga ndizo zidandisangalatsa koposa. Ndi nsungwi zinayi ndi waya wotsala pomanga nyumba ndidakonza kathandala pamwamba pa benchi, ndipo magalagadeya adayanga pamenepo mpaka kutipatsa mthunzi ndi zipatso. Nyemba zidakwera mpanda n'kutipatsa khwanya. Maungu, amene kumunda amadya malo ngati ng'ombe, ndidawaongolera padenga la bafa. Mnzanga wina adandibweretsera mbande ya mango mwaulemu wonse, ndipo ndidailandira ndi manja awiri n'kukaipereka kwa wina, popeza mtengo wotere m'kabwalo kotere mizu yake ingasokoneze maziko ndipo mthunzi wake ungaphe zonse. M'malo mwake ndidazika nthambi ya chamwamba, imene ndimaidula ikangopitirira msinkhu wanga, ndi mapapaya atatu pangodya. Papaya sudziwika ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi kufikira utachita maluwa. Mwa atatuwo, umodzi wokha ndiwo udabereka, ndipo inayo ndidadula.

Akazi anga adapempha maluwa, ine n'kunena kuti maluwa sadyedwa. Adayankha kuti nawonso taye ndidavala zaka 36 koma sadaone ndikudya. Tidatola matayala awiri otha kwa wokonza matayala pamsewu, kuwapaka laimu ndi kuwadzaza dothi mpaka m'milomo kuti musamadikhe madzi oswana udzudzu. Zodula za maluwa adazipempha kwa anzawo a kumpingo. Ndivomere kuti alendo akalowa amayamba kuyamikira matayalawo, matumba anga pambuyo.

Madzi apampopi ndi olipira, motero sitidalole kuti dimba likweze bilu. Madzi otsukira mpunga ndi masamba amapita m'matumba, asopo amapita kumaluwa, ndipo pansi pa denga tidaika mgolo wovindikira. Pamwamba pa dothi ndimaphimbira ndi udzu wouma, n'kuthirira madzulo dzuwa litapepa. Nsabwe zikagwa pa repu ndimawaza phulusa la m'mbaula.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kudaoneka mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yosalekeza m'chigawo chakummwera. Zimene zidatigwera ife n'zosayenera kuziyerekeza ndi za anzathu a ku Chilobwe ndi madera ena, kumene anthu ambiri adataya miyoyo. Komabe usiku wina madzi adadzaza bwalo mpaka m'akakolo n'kulowa m'khitchini, ndipo ufa wa mwezi wonse udanyowa. Kutacha ndidapeza kuti kabowo kotulutsira madzi pansi pa mpanda ndidakatseka ndekha ndi thumba la anyezi. Sindidabise. Mvula itakata ndidakumba kangalande, ndidayala zidutswa za njerwa m'njira yopita kubafa, ndipo thumba lililonse ndidalikhazika panjerwa kuti madzi azidutsa kunsi.

Mu November chaka chomwecho ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu idakwera. Ndidasiya kugula mbewu za m'mapaketi n'kubwerera ku bonongwe ndi luni, ndiwo zimene ndili mnyamata ndinkaziona ngati za osauka. Zimenezi sizivuta. Mukasiya tsinde limodzi kuti likhwime, njere zake zimadzaza kabotolo kokwanira chaka chonse, ndipo zina zimadzimerera zokha m'ming'alu ya njerwa.

Lero pabwalopo pali matumba 9, ndipo masamba timagula mwa apo ndi apo. Pakati mpoyera. Mphasa ya ufa imayalidwa pamenepo, adzukulu amasewerapo, ndipo chingwe cha zovala chimadutsa kuchokera kukhitchini kukafika kumpanda. Chingwe chimenecho ndicho malire athu, ngakhale kuti maungu sadziwa zimenezo. Nsonga ikangotsika padenga la bafa n'kugwira chingwecho, akazi anga sandifunsa. Ndimangoipeza madzulo m'mbale, yotendera nsinjiro.